Lezala Limodzi la kwa Mhone

Mukafunsa ku Sanga kuti Lyness ndi munthu wotani, konzekani kumva zonyansa. Akuuzani kuti ndi mkazi wamwano, wouma mutu, amene anapha mwamuna wake kenako n'kunyoza maliro. Za mwanozo tisakane, ali nawo ndithu, ndipo sachita kubwereka. Zinazo ndi bodza, bodza lopsetsa mtima, chifukwa olinenawo analipo ndipo anaona ndi maso awo.

Lyness Namakhwa anabadwira ku Phalombe. Anakwera basi ya kumpoto ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kutsatira amalume ake amene ankalondera pa esiteti ya labala. Amalumewo anabwerera kumudzi chaka chisanathe, ati chinangwa chawakwana. Iye anatsala, napatsidwa mpeni wokhota ndi mzere wa mitengo.

Kucheka labala si ntchito ya munthu wa manja olemera. Umasenga kakhungwa kopyapyala ngati khoko la anyezi, mtengo ndi mtengo, mpaka mazana asanu dzuwa lisanakwere. Ukacheka pamwamba utomoni sutuluka, ukazamitsa wavulaza mtengo ndipo kapitawo akulalatira anzako akumva. Lyness anaiphunzira ntchitoyo mpaka manja ake ankacheka okha iye akukangana ndi munthu wa mzere wina. Akapitawo ankamuda chifukwa cha pakamwa pake, koma kumuchotsa sankayerekeza, poti makapu ake ndiwo ankadzaza koposa.

Killion Mhone anali msodzi, ankabwera kumalaini, kunyumba za antchito a pa esiteti, ndi dengu la usipa panjinga. Tsiku loyamba Lyness anamuuza kuti usipa wake ndi wa dzana. Killion anaseka, nabweranso mawa lake ndi wina. Munthu woseka ukamutukwana ndi wovuta kumuthamangitsa, ndipo miyezi isanu ndi umodzi isanakwane akuluakulu a kwa Mhone anatsikira ku Phalombe kukapereka malowolo. Kwawo kwa Lyness mwamuna ndiye amapita kwa mkazi, ana n'kukhala a kuchikazi. Makolo ake ataona alendo atanyamula chuma anangoti mwana wawo wapeza anthu aulemu. Analandira ndi manja awiri, osafunsa kuti chumacho chikugula chiyani. Chinkagula ana amene anali asanabadwe.

Pamudzi pa apongozi ake, aNyaKaunda, Lyness sanakhalepo munthu. Anali "wa ku labala". Chitonga chake ankachiseka, chinangwa akaviika ankati chavunda, akapanda kuviika ankati ndi waulesi. Koma amene anamuda kuchokera pansi pa mtima anali Rhoda, mlongo wake wa Killion. Rhoda anali ndi mnzake amene ankafuna kuti akwatiwe ndi mchimwene wakeyo, ndiye Lyness anali atalakwa asanatsegule pakamwa. Atatsegula, zinthu zinangoipiratu.

"Mlamu, kwanu anthu amasamba?" Rhoda anafunsa tsiku lina akazi ena ali pomwepo. "Fungo la labala lakana sopo?"

"Ndi fungo la ntchito, alamu," Lyness anayankha. "N'chifukwa chake lakudabwitsani."

Kuyambira pamenepo ankapatsana moni pokhapokha pakakhala alendo.

Ali ndi pakati pa mwana wawo mmodzi yekhayo, Takondwa, kusikelo anamupeza ndi kachilombo ka HIV. Killion atayezetsa anapezeka nakonso. Anayamba kumwa ma ARV onse awiri, mwanayo anabadwa wopanda kachilombo, moyo unapitirira. Koma Killion anamugwira mkono mkazi wake n'kumulumbiritsa kuti kwawo asamve. Munthu wosaopa namondwe panyanja ankaopa amayi ake ndi mlongo wake ngati mwana wakuba shuga.

Patapita zaka anawayezanso magazi, ndipo dokotala wina wamng'ono thupi anawakhazika pansi. Anati onse awiri alinso ndi kachilombo kena, koyambitsa matenda a chiwindi otchedwa hepataitisi B.

"Mwayi wanu ndi wakuti mankhwala mukumwawa amakapanikizanso kameneka," anatero dokotalayo. "Koma kukapanikiza si kukapha. Kamakhala m'chiwindi, kamayenda m'magazi, ndipo ofufuza amakapeza kakubisala ngakhale mwa asilikali a m'thupi omwe. Mukasiya mankhwala kamadzuka ndi ukali, chiwindi n'kutupa. Ndipo musabwerekane lezala ndi munthu. Ka HIV kakatuluka m'thupi sikachedwa kufa, koma aka kamatha sabata pa lezala kali moyo. Mwana wanu anabayidwa katemera, alibe vuto. Akuluakulu amene anabadwa katemerayo asanafike ndiwo ali pambalambanda."

Lyness anamva zonse. Killion anali akuyang'ana panja kuona ngati palibe womudziwa.

Chaka chathachi usipa unasowa ku Sanga, ndipo Killion anapita ndi anzake ku Ruarwe, kumene mapiri amagwera m'nyanja ndipo msewu kulibe. Anati akakhala mwezi umodzi. Usipa unagwa wambiri, mwezi unasanduka miyezi inayi, botolo la ma ARV linatha. Kukwera boti kukatenga lina kunali kutaya sabata yathunthu ya usodzi, komanso anzake akanafunsa kuti akukatani. Thupi linali bwino, ndiye anangoti zidzaoneka. Anabwera maso ali chikasu, mimba itatupa ngati ya mayi woyembekezera, miyendo yosalowa m'nsapato. Kuchipatala anamugoneka masabata awiri, kenako anauza Lyness pambali kuti chiwindi chatheratu, n'kumutulutsa kuti akagonere kunyumba.

Pamudzi sanafune kumva za chiwindi. Mimba yotupa ndi maso achikasu, kwa iwo, zinali zodyetsedwa, ndipo wodyetsa sakhala patali ndi mbale. Rhoda anayamba kulowa m'nyumba ya mchimwene wake ngati wapolisi, kupisa m'zikwama, kutembenuza matiresi, kununkhiza timabotolo ta mafuta. Lyness anaopa kuti apeza ma ARV, ndiye anakasungitsa botolo lake kwa mnzake kumalaini, poganiza kuti azikamwera komweko. Apa ndi pamene analakwitsa, ndipo amavomera yekha. Wodwala sankalola kusiyidwa, apongozi sankalola kuti atuluke, ndipo akanati angoponda msewu akanati wapita kwa sing'anga wake. Masabata asanu ndi limodzi anadutsa Lyness osameza m'bulu ndi umodzi womwe.

Killion anamwalira Lachiwiri m'mawa. Sanauze munthu kanthu. Anapita ndi chinsinsi chake, katundu yense n'kumusiyira mkazi.

A kwa Mhone ndi anthu a mpingo, ndipo aNyaKaunda Lamulungu lililonse amavala zoyera za umanyano, gulu la amayi a mpingo. Koma pa nkhani yometa maliro sanafunsepo mbusa. Mwambo wa pabanja pawo ndi wakuti tsiku lachitatu chiikireni maliro onse amametedwa ndi lezala limodzi, poti maliro ndi amodzi ndipo magazi ndi amodzi. Woyamba ndi wamasiye, kenako alongo ndi abale a womwalira, kutsirizira ana. Wamasiye akametedwa bwinobwino ndiye kuti walira mwamuna wake, ndipo amakhala pamudzi, m'nyumba yake, kulera ana ake. Akakana, wadzichotsa yekha, koma ana amatsala chifukwa ndi a kwa Mhone.

Lyness ankadziwa zonsezi. Ankadziwanso kuti lezala la mpala silimeta osacheka, kuti magazi ake tsopano anali opanda chowapanikiza, ndiponso kuti wotsatira pambuyo pake ndi Rhoda, amene anali ndi pakati pa miyezi inayi.

Litatsala tsiku limodzi kuti amete, anazemba kupita kugolosale, nagula malezala khumi ndi awiri, atsopano, ali m'timapepala tawo. Anagwada pamaso pa apongozi ake n'kuwaika pansi.

"Ama, ndapempha. Aliyense ametedwe ndi lake. Masiku ano kuchipatala amatero."

ANyaKaunda anawayang'ana malezalawo osawakhudza. Amene anayankha ndi Rhoda.

"Mwaona, ama? Wamaliza mwana wanu, pano akufuna tonse. Wawapaka chiyani amenewa, iwe?"

"Sanatsegulidwe, alamu. Muli ndi maso."

"Mfiti imasowa kutsegula pepala?"

Rhoda anawakankha ndi phazi, mwana wina anawatola ndi timitengo n'kukawataya kudzala. Akulu amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma kwa Mhone mlendo atabwera ndi khumi ndi tiwiri anatchedwa mfiti. Lyness anapemphanso kuti iye ametedwe pomaliza. Anamufunsa ngati Killion anali mwamuna wake kapena wa mnzake. Anapempha sizasi. Anamuseka.

M'mawa wa tsikulo anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Akazi anakhala mozungulira, amuna chapatali. Takondwa, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anakhala pamzere wa ana akusewera ndi chingwe cha diresi lake. ANyaKaunda anatsegula lezala, anathira madzi ndi sopo pamutu pa Lyness, nayamba kumeta.

Anameta ndi dzanja la munthu wokwiya. Lyness, amene moyo wake wonse wakhala akucheka khungwa osavulaza mtengo, ankamva pamene lezala lazama, ndipo anawerenga. Koyamba pamwamba pa khutu. Kachiwiri pankhongo. Kachitatu pachipumi, ndipo magazi anatsika n'kudontha pamphuno.

Tisamupange mngelo. Ali chiweramire pamphasapo, maganizo oipa anamufikira, ndipo sanawathamangitse msanga. Ankangofunika kukhala chete. Adzuke, akasambe, alowe m'nyumba yake, alere mwana wake. Rhoda akhale pamphasa, amucheke katatu ngati iyeyo, ndipo zaka zikubwerazi adzaone maso ake akusanduka chikasu. Ndani akanadziwa? Malezala anagula, anapempha, anagwada. Mkazi amene anamutcha mfiti, amene anatembenuza matiresi a munthu wodwala, akanalandira zimene anaitana yekha. Lyness ankamuda Rhoda, ndipo m'mawa umenewo ankamuda koposa masiku onse.

"Watha," anatero aNyaKaunda. Anapukuta lezala pachitenje chawo, mbali iyi ndi mbali iyo. "Rhoda, bwera."

Rhoda anadzuka dzanja lili m'chiuno, mimba patsogolo. Anadutsa pafupi ndi Lyness osamuyang'ana, nagwada pamphasa, navula duku. Apongozi anathira madzi.

Lyness anali atayenda kale mapazi atatu kulowera kubafa. Nyumba yake inali pomwepo, chitseko chili chotsegula. Anaima, anatukwana pansipansi m'chilomwe, natembenuka. Anagwira dzanja la apongozi ake pamkono, chinthu chimene mkamwana, mkazi wa mwana wako, sachita, n'kusolola lezala pakati pa zala zawo. Lisanathe phokoso la akazi anali atafika kale kuchimbudzi, ndipo analiponya m'dzenje.

Pobwerera anapeza chipwirikiti. Amuna anaimirira. ANyaKaunda anali atagwira mkono wawo ngati wapsa ndi moto.

"Chiuta wane! Wandigwira! Wataya maliro a mwana wanga m'chimbudzi!"

"Ndanena ine!" Rhoda anakuwa, sopo akutsikira m'maso. "Sanamulire! Analibe naye ntchito!"

"Khalani chete, alamu, kamodzi kokha m'moyo wanu," anatero Lyness. Mawu ake anamveka mpaka kumsewu. "Mukufuna kudziwa chinapha Killion? Anali ndi HIV. Inenso ndili nayo. Tinalinso ndi kachilombo ka chiwindi tonse awiri. Iye anasiya mankhwala ku Ruarwe chifukwa choopa pakamwa panu pomwepa, chiwindi chinatha. Ine ndatha masabata asanu ndi limodzi osamwa chifukwa inu mumapisa m'zikwama zanga. Magazi awa mukuwaona pamutu pangawa ali ndi matenda. Lezala lija likanakuchekani, akanalowa mwa inu ndi mwa mwana ali m'mimbayo. Ndatha."

Munthu wanzeru akanayembekeza kuti wina anena kuti yewo, zikomo wa kumeneko. Koma anthu amene atha mwezi ndi theka akusaka mfiti salola kubwerera chimanjamanja. Sanamve kuti wapulumutsa munthu. Anamva kuti wavomera.

"Wamva, mudzi wonse?" Rhoda anaimirira. "Wanena yekha! Anabwera nazo kuchokera kumalaini, kumene akazi amagona ndi akapitawo, n'kudzapatsira mchimwene wanga!"

"Sindikudziwa anayamba ndani, ndipo inunso simukudziwa," Lyness anayankha. "Pitani mukayezetse nonse."

"Ukunyoza wakufa," anatero aNyaKaunda. Sanakweze mawu, ndipo zimenezo zinali zoopsa kuposa kukuwa kwa Rhoda. "Mwana wanga wagona masiku atatu okha, iwe wamuvula pagulu. Mwambo wauphwanya wekha. Pamudzi pano dzuwa lisakulowere."

"Ndipita. Takondwa, dzuka."

"Takondwa ndi NyaMhone, mwana wa kwa Mhone," anatero Rhoda, ndipo anali atamugwira kale mwanayo paphewa. "Ukafunse kwanu kuti analandira chiyani."

Lyness analimbana nawo, asakunamizeni kuti anangochoka. Anakoka mwana dzanja limodzi, Rhoda linalo, mpaka Takondwa analira kuti akumva kupweteka, ndipo amene anayamba kusiya ndi mayi wake. Amuna awiri anamuperekeza mpaka pamsewu wa tala, chikwama cha zovala n'kumuponyera kumapazi. Anayenda wapansi kupita kumalaini, mutu uli mbee, magazi atauma pachipumi, a kabaza akumuyang'ana n'kupatuka. Atafika kwa mnzake uja sanapereke moni. Anangoti, "Botolo langa."

Kapitawo anamulandiranso, akung'ung'udza koma mumtima akusangalala. Kuchipatala anamukalipira chifukwa chodumphitsa mankhwala, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anakalipiridwa osabweza. Chiwindi chake chinapulumuka. Nkhani ya mwana anaipititsa kwa ankhoswe, koma ankhoswe ake ali ku Phalombe, ndipo pafoni ankangoti adzabwera akakolola. Kawiri anapita ku Sanga ndi kathumba ka zitumbuwa, kawiri konse anamubweza asanafike pabwalo. Kusukulu anakapeza kuti mwanayo amuchotsako, amulembetsa kwina.

Patapita miyezi inayi, Lyness anapita kukatenga mankhwala. Pabenchi ya pawindo lolandirira mankhwala panatsala malo amodzi, ndipo anakhala asanaone kuti wakhala pafupi ndi ndani. Anali Rhoda, mimba itafika pakhosi, miyendo itatupa, buku la kusikelo atalipinda m'manja. Anayang'anana. Panalibe kothawira, poti aliyense akanadzuka akanataya malo pamzere.

Anayamba ndi Rhoda, maso ali kutsogolo.

"Wakondwa tsopano. Andipeza nako kachilombo kako ka chiwindi."

Lyness anapukusa mutu. "Lezala lija silinakukhudzeni, alamu."

"Zaka zisanu ndi zitatu unkadya m'mbale zathu."

"Sikayenda m'mbale. Sanakuuzeni?"

"Akuti mwina ndinabadwa nako." Rhoda analavula mawuwo ngati mbewu ya masuku. "Akuti mwina tinatengera kwa ama, ine ndi Killion yemwe, kapena ku mphini za tili ana. Akuti ama abwere adzayezetse. Bodza lenileni! Unawauza ndiwe anthu amenewa. Umabwera kuno mwezi ndi mwezi, ndi anzako."

Lyness anatsamira khoma. M'mutu mwake zinthu zinali kugwa chimodzichimodzi. Ngati Rhoda anabadwa nako, ndiye kuti m'mawa uja analibe choti apulumutsidwe. Akanakhala chete, akanakasamba, akanalowa m'nyumba yake, ndipo Rhoda akanakhala pabenchi yomweyi ndi buku lomweli. Anataya nyumba ndi mwana potchinga khomo la khola lomwe fisi anali kale m'kati. Anafuna kuseka, anafuna kumumenya mkaziyo ndi buku lake lomwelo, koma anangomva kutopa.

"Mwana akabadwa auzeni amubaye katemera tsiku lomwelo," anatero pomaliza. "Musachedwe naye."

"Sindinakufunse."

Mzere unasuntha. Mayi wina anadutsa ndi mwana kumbuyo. Lyness anapukuta manja pachitenje, ndipo mkazi amene sanachondererepo kapitawo kapena mwamuna anatsitsa mawu.

"Alamu, Takondwa ali bwanji?"

Rhoda anatembenuka, namuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Sanafulumire. Ankadziwa chimene wagwira m'manja.

"Masabata oyamba ankavuta. Ankaima pamsewu, minibasi iliyonse ati mwabwera amayi. Chakudya osadya." Anawongola buku lija pabondo. "Pano wasiya. Dzana aphunzitsi anamufunsa dzina la mayi wake, anatchula langa."

Pawindo anaitana dzina la Lyness katatu konse asanadzuke.